Gudumu lakumbuyo ndiye ofesi ya wakabaza: mmene mungalisamalire

Njinga ya kabaza, imene ku Mzuzu amaitcha Sacramento, imavutika kumbuyo. Wokwera, thumba lake la chimanga ndi gawo lalikulu la thupi lanu zonse zimatsamira gudumu limodzi. Likafa masana pa tsiku la msika, ndalama ya tsikulo yapita, koma mwini njinga madzulo afunabe yake.

Yambani ndi masipoko m'mawa uliwonse. Afinyeni awiriawiri ndi zala kuzungulira gudumu lonse. Lolefuka limangeni pang'ono, kota ya kuzungulira basi, kenako zungulitsani gudumu muone ngati limu ikukhula labala ya buleki. Sipoko limodzi likaduka, lisintheni tsiku lomwelo. Ambiri amangolipinda n'kulikoloweka pa linzake n'kupitiriza ulendo, osadziwa kuti katundu amene linkanyamula wagwera oyandikana nawo. Aduka motsatizana, limu ipindika, ndipo mugula limu pomwe mukanagula sipoko. Mukaika latsopano, palani nsonga yotulukira mkati mwa limu, ndipo mukulunge limuyo ndi mphira wodula ku chubu chakale kuti nsongazo zisaboole chubu.

Mpweya ukhale wokwanira. Tayala lofewa limalemera kutchova, ndipo mukagunda mwala kapena m'mphepete mwa phula, limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana. Mukaona timabowo totero, musafunefune munga, vuto ndi mpweya. Pomata, palani malowo, pakani sulushoni wochepa, dikirani mphindi ngati 5 aume mpaka asamamatire chala, ndiye muike chigamba. Kufulumira chifukwa kasitomala akudikira n'kumene kumamatula zigamba panjira.

Gwedezani gudumu cham'mbali. Likamagogoda, ndiye kuti makoni, tizitsulo topanikiza timipira tachitsulo mu habu (chapakati pa gudumu), amasuka, ndipo ekiselo, chitsulo chimene gudumu limazungulirapo, ingathe kupindika kapena kuduka. Habu yakumbuyo kawirikawiri imalowa timipira 9 mbali iliyonse. Mukatsegula, tiwerengeni, tsukani ndi parafini, ikani girizi watsopano, ndipo mumange mpaka kugogoda kuthe koma gudumu lizizungulirabe lokha. Chitani zimenezi dzinja lisanayambe ndiponso likatha. Pa tcheni donthezani oyilo pang'ono n'kupukuta wotsala, chifukwa oyilo wambiri amakola mchenga umene umadya mano a fuliwilo, giya yakumbuyo imene tcheni chimakoka. Kotapini, kachitsulo kogwira mkono wa pedulo, akamasuka, mukhomeni ndi hamala kaye musanamange nati. Kukoka ndi nati yokha kumangoononga mazinga ake.

Keliyala ikhale yowotcherera bwino, ya khushoni ndi popondera mapazi. Tchingani mbali zonse ziwiri za gudumu ndi waya kapena pulasitiki yolimba. Chitenje cha amayi kapena chidendene cha mwana chikalowa m'masipoko, bala lake limakhala loopsa, ndipo ngoziyi ndi yopeweka. Musananyamuke auzeni mwaulemu kuti, "Mayi, pindirani chitenje kutsogolo." Mtengo nawo mugwirizane musanapalase, makamaka ngati pali katundu kapena chitunda.

Thupi lanu nalo limatha. Kwezani chishalo mpaka mwendo uwongoke mukaponda pedulo ndi chidendene ili pansi penipeni. Chishalo chotsika n'chimene chimapweteketsa mawondo anyamata ambiri. Chitunda chikakula, tsikani mukankhe, palibe chamanyazi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala yendani ndi botolo la madzi, muzimwa ludzu lisanafike, ndipo musayambe ntchito m'mimba muli pululu.

Mvula ikagwa, labala ya buleki siigwira msanga pa limu yachitsulo yonyowa, choncho yambani kumanga mukadali patali, makamaka potsetsereka muli ndi munthu. Yendani kumanzere kwenikweni, ndipo kukayamba mdima valani chovala chonyezimira, nyali ikhale kutsogolo ndi chowala chofiira kumbuyo, poti woyendetsa lole pa M1 sakuonani mpaka atayandikira.