Kupalasa njinga kuchoka ku Joni kukafika ku Durban: zimene gulu liyenera kuchita tsiku ndi tsiku

Chiwombereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anakokolola nyumba ku Chilobwe, ku Phalombe ndi ku Mulanje, ambirife kuno ku Joni tinaphunzira kuti kusonkha kwa pa maliro kokha sikukwanira. Pakati pa njira zosonkhetsera ndalama zotumiza kumudzi pali iyi ya njinga: gulu limanyamuka ku Johannesburg kupalasa mpaka ku Durban, ndipo abwana a kuntchito, akumpingo ndi abale amalonjeza kangachepe pa kilomita iliyonse. Ndi njira yabwino, anthu amapereka mokondwa poona kuti mwakhetsa thukuta. Koma ndaona kuti pokonzekera, anthu amakamba za matisheti ndi zithunzi za pa Facebook mpaka pakati pa usiku, za mmene tsiku lenilenilo liziyendera osakambako n'komwe.

Tiyambe ndi mtunda. Pa msewu wa N3 kuchoka kuno kufika ku Durban ndi makilomita pafupifupi 570, koma lamulo la dziko lino sililola njinga yakapalasa pa freeway, msewu waukulu wa magalimoto othamanga ngati umenewu. Inu mudzatsata misewu yam'mbali, makamaka msewu wakale wa R103, kudzera ku Heidelberg, Villiers, Warden, Harrismith, Ladysmith, Estcourt, Mooi River, Howick ndi Pietermaritzburg. Gawani mtundawo masiku asanu ndi limodzi, pafupifupi makilomita 100 pa tsiku. Gulu la anthu wamba limayenda makilomita ngati 20 pa ola, ndiye kuti maola asanu muli pachishalo. Mukaphatikiza kupuma ndi kuponcha, tsiku limadya maola asanu ndi awiri kapena kuposa. Anthu awiri ayendere kaye msewu wonse pa galimoto ulendo usanachitike, alembe pomwe pali maenje, pomwe pali madzi ndi pogona.

Wina adzakuuzani kuti, "Joni ili pamwamba, mamita 1,750, Durban ili kunyanja, ndiye ndi mtsetse wokhawokha." Musamumvere ameneyo. Mtsetse weniweni mudzaupeza pa Van Reenen, mukangodutsa Harrismith, ndipo pamenepo mphepo yake ndi ija imagubuduza mathiraki. Mukatsika apo, zitunda za KwaZulu-Natal zimangolandizana, ichi chikatha icho chayamba, mpaka ku Inchanga ndi Botha's Hill komwe othamanga a mpikisano wa mtunda wautali wa Comrades amalirira.

Tsiku loyamba silivuta. Aliyense ali ndi mangolomera, nyimbo zili pakamwa, anyamata akupikisana pa chitunda chilichonse. Lachiwiri anthu amapirira. Ulendo umaweruzidwa mmawa wa tsiku lachitatu, pamene munthu wadzuka miyendo ili gwa, nakhazika matako pa chishalo n'kumva ngati wakhalira makala. Zonse zimene ndikulangizani pano ndi zoti mufike mmawa umenewo mudakali gulu limodzi.

Za matakozi tisachite nazo manyazi, achimwene ndi achemwali, chifukwa ndi zimene zimatsitsa anthu panjinga kuposa miyendo. Gulani kabudula wa apanjinga uja wokhala ndi siponji pansi, ndipo akhale awiri. Amavalidwa popanda kabudula wam'kati, chifukwa msoko wa wam'katiyo ndi umene umacheka khungu likanyowa ndi thukuta. Pakani Vaseline m'mphechepeche musananyamuke. Mukangofika pogona, vulani kabudulayo nthawi yomweyo, sambani, mumuchape ndi sopo, mawa muvale winayo. Kukhala naye m'thupi mukucheza mpaka madzulo ndi kuitana zithupsa. Chishalo chatsopano musachiyambire pa ulendo. Ndipo chikwezeni kufikira poti mwendo uzitsala pang'ono kuwongoka pedulo ikafika pansi. Ambirife tinazolowera njinga za kabaza za ku Salima kapena ku Dedza, zokhala chishalo chotsika kuti phazi lifike pansi msanga ponyamula munthu. Pa makilomita 100 kakhalidwe kameneko kamapha mawondo.

Dzukani mbandakucha. Pofika 5 koloko phala likhale lapsa, zikwama zili m'bakkie (galimoto ya pikapu yoperekeza gulu), matayala apopedwa, ndipo kukangoyera munyamuke. Chifukwa chake ndi nyengo ya kuno. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi, mitambo imasonkhana masana ndipo chakumadzulo kumagwa mvula ya mabingu, nthawi zina ya matalala. M'zigwa za Free State mulibe pobisala, munthu wa panjinga ndiye chinthu chachitali pamalopo. Mukamva bingu, lowani m'galimoto kapena m'nyumba, pansi pa mtengo ayi. Mu Juni ndi Julayi vuto ndi lina: mmawa udzu umayera ndi chisanu, zala zimakanika kugwira mabuleki, ndipo dzuwa limalowa cha m'ma 5:30. Ine ndimakonda Epulo ndi Meyi. Mwezi ulionse umene mwasankha, pofika 2 koloko masana mukhale mwatsika panjinga.

Kudya kwa panjira n'kosiyana ndi kwa kunyumba. Ife tinaleredwa kuti munthu amadya njala ikamupweteka, ndipo chakudya ndi nsima. Panjinga mukadikira njala, mwachedwa kale. Thupi limasunga mphamvu ya shuga yokwana ola limodzi ndi theka kapena awiri a ntchito yolemetsa, ikatha imatha mwadzidzidzi. Ndinaziona ndekha kupitirira Warden. Mmawa ndinangomwa tiyi, ndikuti ndidya bwino masana. Itakwana cha m'ma 11 ndinangoona msewu ukuchita mdima m'mbali, manja akunjenjemera, kachitunda koti mwana angakwere ndi wilibala kakundikanika. Ndinakhala pansi m'mbali mwa mpanda wa famu, ng'ombe zikundiyang'ana, mpaka mayi wina wa m'gulu lathu anandipatsa nthochi ziwiri ndi buledi wopaka jamu, nati, "Bambo, idyani kaye, manyazi mudzachita kunyumba." Patapita mphindi makumi awiri ndinali munthu. Choncho ola lililonse ponyani kanthu kukamwa: nthochi, mbatata yophika yowaza mchere, mtedza, kagawo ka buledi. Nsima ya ndiwo zambiri isungeni madzulo, ndipo idyani pasanathe nthawi yaitali mutafika. Mukaimenya masana, pa chitunda chotsatira muzidzangosinza.

Madzi, botolo limodzi pa ola, kukatentha onjezerani. Mumwe pang'onopang'ono ngakhale ludzu lisanabwere. Thukuta limatuluka ndi mchere, ndiye botolo lina likhale la madzi a mchere ndi shuga monga aja amatiphunzitsa kuchipatala: lita imodzi ya madzi, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga, theka la supuni yaing'ono ya mchere. Chizindikiro chosanama ndi mkodzo. Ukakhala wofiirira ngati tiyi, mukumwa mopereweza. Mowa udikire ku Durban.

Pamsewu muziyenda mondondozana, mmodzi pambuyo pa mnzake, kumanzere. Ndi lamulo, monganso chipewa cholimba chija cha helemeti, chimene chakhala chokakamiza kwa apanjinga m'dziko lino kuyambira 2004. Wakutsogolo ndi maso a gulu: akaona dzenje kapena magalasi aloze ndi dzanja n'kufuula, mawuwo apatsirane mpaka kumbuyo. Wakumbuyo ndi makutu, amachenjeza za thiraki imene ikubwera. Kutsogolo muzisinthana pakapita mphindi zingapo, poti amene akudula mphepo amatopa msanga kuposa obisala kumsana kwake.

Apa ndi pamene pamabukira mkangano. M'gulu lililonse muli anyamata awiri atatu amene magazi awo amawira, ndipo muli bambo kapena mayi amene akuyenda mwa apo ndi apo. Mukawalekerera, pofika masana gulu latambasuka makilomita asanu, bakkie sikudziwa kuti iperekeze ndani. Pangano likhale lomveka musanachoke ku Joni: liwiro la gulu ndi la munthu wochedwa kwambiri. Muikeni wachiwiri kapena wachitatu pamzere, osati kumapeto komwe amangoona misana ikutalikira mpaka mtima kugwa. Anyamata amphamvuwo apatseni ntchito yodula mphepo ndi yotsalira ndi amene waponcha. Pamwamba pa chitunda chachikulu chilichonse dikiranani, ndipo womaliza akafika mumupatse nthawi yopuma nayenso, osati iye akungoponda pansi inu n'kunyamuka. Paja kuthamanga sikufika. Amene walephereratu akwere bakkie popanda womuseka, mawa adzapalasanso.

Woyendetsa bakkie ndi munthu wofunika kuposa wina aliyense, ngakhale pa zithunzi saoneka. Amayenda kumbuyo kwa gulu atayatsa mahazadi, atanyamula zigubu za madzi, chakudya, bokosi la mankhwala, pampu yaikulu, machubu, zigamba ndi guluu, tcheni chapadera ndi masipoko. Mufoni mwake mukhale nambala za abale a aliyense, ndipo adziwe amene ali ndi BP, shuga kapena mphumu. Pangozi, 112 pa foni ya m'manja, kapena 10177 ya ambulansi. Ife ndife alendo m'dziko muno, ndiye pasipoti ndi mapepala a aliyense zikhale m'kathumba ka pulasitiki m'galimotomo. Apolisi akakuimitsani pamsewu, alankhule ndi mtsogoleri mmodzi, ena khalani chete.

Mukafika pogona, kaya ndi holo ya tchalitchi kaya ndi nyumba ya alendo, njinga iyambe ndiyo kusamalidwa. Pukutani tcheni ndi kansanza, donthezani mafuta, yendetsani chala pa tayala kufufuza minga ndi tizidutswa ta waya, yesani mabuleki. Ndi ntchito ya mphindi khumi, koma ikasiyidwa mmawa imachedwetsa anthu khumi ndi awiri. Ntchito zophika ndi kutsuka mbale zilembedwe pa pepala mosinthana, chifukwa ndaonapo amayi amene apalasa mtunda womwewo ndi abambo akuyembekezeredwa kukoleza moto pamene abambowo atambalala. Olizira mkonono agone mbali yawo. Pofika 9 koloko magetsi azime.

Ndalama zili ndi misampha yake. Thumba la zopereka ndi thumba la ulendo zikhale zosiyana kuyambira tsiku loyamba. Mafuta a bakkie, chakudya ndi malo ogona muzilipira nokha opalasa, kapena mupeze wothandiza amene wauzidwa poyera kuti ndalama yake ndi ya zimenezo. Randi imene munthu anapereka kuti ikagule malata ku Phalombe isagule soseji ku Ladysmith. Madzulo alionse msungichuma awerenge malisiti pamaso pa onse, n'kutumiza chithunzi chake pa gulu la WhatsApp limodzi ndi makilomita a tsikulo. Opereka akamaona zimenezi tsiku ndi tsiku, ena amaonjezera ulendo uli m'kati.

Kukonzekera kuyambe miyezi itatu ulendo usanafike. Ndikudziwa kuti ambiri timagwira ntchito Loweruka, koma yesetsani kupeza masiku awiri otsatizana opalasa mtunda wautali, kangapo konse, kuti thupi lidziwe kukwera njinga lili lotopa kale. Ku Cradle of Humankind, kunja kwa Joni, kuli misewu yokhala ndi njira ya apanjinga, ndipo ku Suikerbosrand, pafupi ndi Heidelberg, kuli zitunda zokuuzani zoona za miyendo yanu.

Pomaliza kulemba bajeti musaiwale zobwerera. Bakkie imodzi singanyamule anthu khumi ndi awiri, njinga zawo ndi katundu. Gulani matikiti a basi yofikira ku Park Station ku Joni ulendo usanayambe, njinga zibwere pa ngolo yokokedwa ndi bakkie zitamangidwa ndi makatoni pakati kuti zisakandane, ndipo pemphani tchuthi cha tsiku limodzi loonjezera kwa abwana.