Kupezera mwana ndodo za gofu zomukwana

Mwafunsa kuti mwana wanu akufuna kulowa mpikisano wa ana kukalabu ya gofu, nanga ndodo zomukwana mungazipeze bwanji. Chitani motere.

Choyamba, muyezeni msinkhu atavala nsapato zosewerera. Kenako aime chilili, mikono ili lende, muyeze kuchokera pamfundo ya dzanja mpaka pansi. Miyezo iwiriyi ndiyo imasonyeza kutalika kwa ndodo.

Chachiwiri, pitani naye kwa mphunzitsi wa gofu wa pakalabupo. Iye amamata tepi kunsi kwa mutu wa ndodo, mwana n'kumenya mpira uli pakathabwa. Tepiyo izikhulika pakati. Ikakhulika kunsonga kapena kumbuyo, mutuwo ukufunika kupindidwa pang'ono.

Chachitatu, chogwirira: akachifumbata, nsonga za zala zizingokhudza chikhatho.

Chonde musamudulire ndodo zanu zakale. Ndodo ikadulidwa imauma, mutu wake umakhala wolemerabe, mwana n'kuzolowera kamenyedwe kolakwika.

Tsiku la mpikisano werengani ndodo m'chikwama musanachoke panyumba. Malamulo amalola 14 basi, zikaposa pali chilango. Komatu kwa wongoyamba kumene, 5 kapena 6 n'zokwanira.