Mabotolo a ayisi amapulumutsa ndiwo magetsi akazima

Amene muli ndi firiji koma magetsi amathimathima kwanuko, yesani izi. Tengani mabotolo apulasitiki angapo, thiranimo madzi, n'kuwaika mufiriza. Musadzaze mpaka kukamwa, siyani mpata wa zala zitatu. Madzi akamaundana amafufuma, amakula ndi pafupifupi 9 peresenti, ndiye botolo lodzaza limang'aluka. Lagalasi musayerekeze n'komwe, mudzatola magalasi m'nyama.

Magetsi akapita, chotsani mabotolo awiri muike pashelefu yapamwamba ya firiji, chifukwa mpweya wozizira umatsika pansi. Otsalawo akhale pafupi ndi nyama ndi nsomba.

Ena amati bwanji osangoika madzi ozizira? Sizifanana ayi. Ayisi akayamba kusungunuka amakhalabe pa madigiri 0 mpaka kachidutswa komaliza kathe. Kutentha konse kumene akuyamwa m'firijimo kumathera pa ntchito yomusandutsa madzi, osati kumufunditsa. Ndipo amayamwa kwambiri: kutentha kosungunula kilogalamu imodzi ya ayisi kungathe kutenthetsa lita imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 0 kufika pafupifupi 80. Madzi ozizira chabe amayamba kufunda nthawi yomweyo.

Botolo lalikulu limachedwa kusungunuka kuposa timabotolo tambirimbiri, choncho ine ndimakonda a malita awiri. Chovuta ndi ana, amene amatsegula chitseko mphindi iliyonse ngati mukuoneka kanema m'menemo. Auzeni asiye. Magetsi akayaka, bwezerani mabotolowo mufiriza osataya madziwo.