Zoyenera Kutsata Pogawa Malo Kukhala Mapuloti

Munthu amene ali ndi malo aakulu ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu kapena Zomba, ndipo akufuna kuwadula kukhala mapuloti, adziwe kuti pamaso pa lamulo kugawa malo kumafuna chilolezo monga momwe kumanga nyumba kumafunira. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022 pamodzi ndi malamulo ena a zamalo, limafuna kuti chilolezocho chiperekedwe chikhomo ngakhale chimodzi chisanakhomedwe pansi.

Yambani ndi kutsimikiza mtundu wa malo anu. Ngati ndi a lizi, werengani zomwe zinalembedwa m'chikalata chake, chifukwa malo amene munapatsidwa kuti muzilimapo sangasanduke okhalapo anthu popanda chilolezo chosintha ntchito yake, ndipo mwini wake weniweni, kaya ndi Unduna wa Zamalo, khonsolo kapena Malawi Housing Corporation, ayenera kuvomereza. Pitaninso ku ofesi ya kaundula wa malo mukafufuze ngati malowo sanaperekedwe chikole ku banki, ndipo mulipire ngongole zonse za lendi ya malo ndi msonkho wa mzinda. Ngati ndi malo a makolo, kalata ya a mfumu payokha siikwanira, popeza lamulo la Customary Land Act linaika makomiti oona za malo amene nkhani zotere zimadzera.

Mukatero, kafunseni ku nthambi ya mapulani ya khonsolo kuti dera lanu linaikidwira chiyani. Ulendo umenewu ndi wotsika mtengo kuposa yonse, koma ndi umene ambiri amaudumpha. Kumeneko mudzauzidwa kukula kwa puloti kololedwa m'deralo, m'lifupi mwa misewu, ndiponso ngati pamalo panupo panakonzedwa kudzadutsa msewu waukulu kapena nthambo zamagetsi.

Kenaka lembani ntchito saveya wovomerezeka kuti ayeze malire ndi kutsetsereka kwa nthaka. Mapu amene iye adzajambule ndi amene katswiri wa mapulani ndi injiniya adzagwiritse ntchito, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse: pulani yabwino imayamba ndi njira ya madzi a mvula ndi msewu, mapuloti nabwera pambuyo. Eni malo ambiri amachita mosemphanitsa. Amawerenga kuti hekitala imodzi, yomwe ndi masikweya mita 10,000, ingatulutse mapuloti 22 a mamita 15 ndi 30, nkuiwala kuti msewu wa mamita 100 m'litali ndi 10 m'lifupi umadya malo oposa mapuloti awiri. Pofuna kupulumutsa mapuloti awiriwo amasiya kanjira koti ngakhale ambulansi singalowe, ndipo madzi akasowa ngalande amadzipangira okha njira kudzera pakhonde la wogula wakumunsi.

Injiniya ayenera kuwerengera madzi onse amene amatsikira pamalo panu kuchokera kumtunda, poganizira kuti dera likadzaza ndi malata ndi simenti madzi olowa m'nthaka amachepa ndipo othamanga pamwamba amachuluka. Kuwerengera kumeneku ndiko kumauza kukula kwa ngalande, malo oika makalavati, ndi komwe madziwo akatayikire popanda kuwononga za anansi. Madambo, magombe a mitsinje ndi malo otsetsereka kwambiri achotsedwe m'chiwerengero cha mapuloti kuyambira pachiyambi. Amene anaona mtsinje wa Lingadzi ukusefukira ku Mtandire mu 2017, kapena matope ndi miyala zikukokolola nyumba ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, sangatenge lamulo limeneli ngati chovutitsa chabe.

Nkhani ya zimbudzi isasiyidwenso m'manja mwa ogula. Madera ambiri a m'mizinda yathu alibe mapaipi a suweji, choncho nthaka iyesedwe ngati imamwa madzi bwino kuti mathanki a zonyansa adzagwire ntchito, ndipo pamene anthu adzadalire zitsime, chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30. Lemberani kalata bungwe la madzi la m'dera lanu, monga Lilongwe Water Board kapena Blantyre Water Board, komanso ESCOM, kuti akuuzeni ngati angafikitse madzi ndi magetsi ndiponso malo amene mapaipi ndi mapolo adzafune. Ngati msewu wanu ukutulukira mu msewu waukulu ngati M1, a Roads Authority ayenera kuvomereza polowerapo. Malo akakhala aakulu kapena oyandikana ndi mtsinje, bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA lingafune kafukufuku woona momwe ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi anthu.

Zonsezi zikakonzeka, perekani fomu yopempha chilolezo pamodzi ndi mapulani, zikalata za umwini ndi ndalama zolipira, ndipo mutenge lisiti ya khonsolo nokha m'malo modalira madobadoba. Komiti ya mapulani ikhoza kuvomereza, kukana, kapena kuvomereza ndi mfundo zoti mukwaniritse, monga kulambula msewu ndi kukumba ngalande musanagulitse. Mfundo zimenezi muziwerenge mofatsa ndi kuziika pa bajeti. Mukakanidwa, pemphani zifukwa zake m'kalata, chifukwa nthawi zambiri kukonza pulani kumathetsa vutolo, ndipo lamulo limalola kuchita apilo.

Chilolezo chikatuluka, saveya abwererenso kudzaika mabikoni, zizindikiro za malire, pa ngodya za puloti iliyonse, ndipo ntchito yake ipite ku ofesi ya Surveyor General, mkulu wa masaveya m'boma, kuti ikaunikidwe ndi kuvomerezedwa. Pokhapo puloti iliyonse imapeza mapu ake ndi nambala yake, ndipo ingalembetsedwe m'kaundula payokha. Musalandire ndalama za ogula izi zisanachitike, pakuti komiti ikasuntha msewu mudzapezeka mwagulitsa puloti yomwe kulibe. Wogula aliyense mumuuzenso momveka kuti chilolezo chanu ndi chogawira malo basi, ndipo iye adzayenera kupereka pulani ya nyumba yake ku khonsolo asanakumbe maziko.