Kuyenda pansi molingana ndi dera limene mukukhala

Anthu a ku Area 10 ndi Area 43 mumzinda wa Lilongwe ali ndi misewu yatala yopanda phokoso, koma ambiri amapita paliponse pa galimoto, pamene a ku Mtandire ndi ku Kauma amayenda mitunda italiitali m'fumbi, m'matope ndi pakati pa njinga zamoto za kabaza. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kulimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuyenda mwandawala kumawerengedwa. Ngati kwanuko kulibe magetsi a mumsewu, yendani kukangocha muli awiri kapena atatu, mutavala zowala, ndipo muzitsata mbali ya kumanja kuti muziona galimoto zimene zikubwera kutsogolo kwanu. Amene muli ndi galimoto, muziisiya pakhomo popita kugolosale yapafupi.