Pulaimasi ndi tile: mafuta oyenera ndi kasamalidwe kake

Anthu ena masiku ano ali pa gasi ndi matochi otchaja, koma ine pulaimasi yanga yamkuwa ija sindinaisiye, ndikamakwera phiri la Mulanje kapena kukagona kunyanja imalowa m'chikwama basi. Ndiye imvani mmene ndimachitira.

Choyamba dziwani kuti chitofu chanu chinapangidwira mafuta anji, osangothira chilichonse chomwe chikuyaka. Pulaimasi (dzinali linachokera ku kampani ya Primus ya ku Sweden, anayamba kupanga cha m'ma 1892) imamwa palafini basi. Nyali za Tilley, zomwe asodzi a usipa amazitcha tile, nazonso ndi palafini. Zitofu ndi nyali zambiri za kampani ya Coleman zimafuna white gas, kamafuta koyera kopepuka kovuta kupeza kuno, ndipo zokhazo zolembedwa Dual Fuel ndi zomwe zimalola petulo wa galimoto, koma ngakhale izo petulo amazitseka msanga chifukwa cha mankhwala omwe amathiramo. Pali zina ngati MSR WhisperLite International zimabwera ndi timajeti tiwiri (jeti ndi kachitsulo kokhala ndi kabowo kotulukira mafuta), ka petulo ndi ka palafini, mukasintha mafuta musinthenso kajeti.

Petulo mu pulaimasi ayi ndithu. Palafini sagwira moto wamba mpaka atenthe kupitirira madigiri 38, pomwe petulo amatulutsa mpweya woyaka ngakhale kukuzizira chotani, ndiye mukamamasula kavalavu kotulutsira mpweya pozimitsa paja mpweya wa petulo umatulukira pafupi ndi lawi, zotsatira zake mukuzidziwa. Ngakhale kusakaniza pang'ono kuti ati iziyaka mwamphamvu, musayerekeze.

Palafini wogula m'mabotolo pamsika muzimuona kaye. Ine ndimathira m'botolo loonekera mkati n'kusiya kanthawi, ngati muli madzi amakhala pansi poonekeratu, kenako ndimasefa ndi kansalu koyera pothira mu thanki. Ndinapusitsidwapo kamodzi ndi palafini wosakaniza dizilo, utsi wake poto yense bii, nsima kununkha ngati mu galaja. Thanki musadzaze mpaka pakamwa, siyani malo pafupifupi kota kuti mpweya wopopa ukhale ndi pokhala.

Tsopano poyatsa, apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Pulaimasi siwotcha palafini wamadzi, imawotcha mpweya wake, ndiye mutu wake, pomwe pamayakira moto paja, uyenera utenthe kaye. Masulani kavalavu, thirani sipiliti wapepo uja m'kambale kali pansi pa mutu, yatsani n'kudikira. Osapupuluma. Sipiliti akatsala pang'ono kutha ndi pomwe mumatseka kavalavu n'kupopa kawiri katatu, lawi labuluu lija libwera ndi kaphokoso kake, mukatero onjezani kupopa. Mukaona chilawi chachikasu chikukwera m'mwamba dziwani kuti mwafulumira, masulani kavalavu moto ufe, dikirani izizire muyambirenso. Ine tsiku langa loyamba nsidze zinapsa chifukwa choweramira kuti ndione bwino, ndiye nkhope muziika patali.

Kabowo ka jeti nkakang'ono kwambiri moti kamwaye pang'ono kamatseka. Gwiritsani kawaya kake kotokosera kaja, osati singano yosokera kapena pini, mukakulitsa bowo chitofu chizingofuka mpaka mutagula jeti ina. Pampu ikamangolowa fwee osagwira mpweya, vuto ndi kachikopa kali kunsonga kwake, kauma. Katulutseni, kanyikeni mu oyilo usiku umodzi, katambasuleni pang'ono ndi zala n'kubwezera. Kakang'ambika anthu amadula china kuchokera ku lilime la nsapato yachikopa yakale ndipo chimagwira bwinobwino. Onaninso kalabala ka pachitsekero cha thanki, kakauma mpweya umathawira pamenepo, mupopa mpaka mkono kuwawa.

Tile nayo ndi chimodzimodzi, kutenthetsa ndi sipiliti kaye, kungoti ili ndi kansalu kowala kaja, mantle. Katsopano mukamanga kawotcheni kaye kasanduke phulusa loyera, ndiye kuchokera apo musakakhudzenso. Kakabooka sinthani pompo, lawi lotulukira pabowo limaswa galasi. Pa ulendo tengani tiwiri titatu tapadera, msewu wa mabampu sugwirizana nato.

Nyali wamba ya chingwe ilibe zambiri, dulani nsonga yopserera ndi sizasi kuti ikhale yofanana, musakweze chingwe kwambiri, galasi pukutani ndi nyuzipepala likazizira.

Musaphikire mu tenti yotseka ngakhale kuzizire bwanji pa Chambe kapena pa Lichenya pamwamba pa phiri la Mulanje, moto umenewu umatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo womwe umapha munthu ali mtulo. Kuthira mafuta dikirani chitofu chizizire. Ndipo chonde palafini osasunga m'botolo la zakumwa pomwe ana angafikire, mwana akamwa musamusanzitse, amalowa m'mapapo, thamangirani naye kuchipatala.

Mukabwerako ku ulendo khuthulani thanki, tsukuluzani ndi palafini woyera pang'ono, siyani kavalavu kali komasula, ndipo kawaya kotokosera kaja kamangirireni ku mwendo wa chitofu chifukwa ine ndataya kale tinayi.