Momwe mungapekere sukulu ya matsenga m'nkhani yanu

Wolemba amene akufuna kuika sukulu ya matsenga m'dziko lopeka ayambe ndi kusankha malo, chifukwa malowo ndiwo amabala miyambo ya sukuluyo. Palibe chifukwa chobwerekera nyumba zachifumu za ku Ulaya pamene paphiri la Mulanje pali Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, kumene anthu amasimba kuti mizimu imasiyira wapaulendo chakudya chimene ayenera kudya yekha osaitana mnzake. Sukulu yobisika m'nkhungu ya phiri lotere, pakati pa mitengo ya mkungudza, ili kale ndi lamulo lake loyamba. Phiri la m'nkhani yanu mulipatse dzina lanu, koma kuzizira kwake ndi kuvuta kwa njira zake zimveke ngati zenizeni.

Mukatero, khalani pansi ndi kope n'kulemba zimene mphamvu iliyonse imalanda kwa woigwiritsa ntchito, ndipo apa m'pofunika kuchedwapo. Ngati wophunzira angathe kuitana mvula kapena kuchiritsa bala popanda kutayapo kanthu, nkhani yatha isanayambe, pakuti palibe vuto limene lingamusowetse tulo. Koma ngati mvula imene waigwetsa kwawo yachoka kumudzi wina kumene chimanga chikufota, mwanayo ali ndi mlandu pamtima, aphunzitsi ali ndi chifukwa chomuletsera, ndipo owerenga adzafuna kudziwa chimene adzasankhe njala ikadzafika kwa makolo ake. Lamulo limene mwalemba m'kopemo musadzaliphwanye pofuna kupulumutsa munthu amene mumamukonda m'nkhaniyo.

Za kasankhidwe ka ana, zaka zimene amakhala pasukulu ndi maphunziro awo, monga kumva chinenero cha mbalame kapena kuwerenga nyenyezi, mungazikonze mwachidule, bola mudziwe amene amakanizidwa malo ndi chifukwa chake.

Chotsatira ndi kusiyanitsa matsenga a m'nkhani yanu ndi ufiti umene anthu amanamizirana m'midzi, ndipo ine ndikuona kuti wolemba m'Chichewa sangazilambalale zimenezi. M'Malawi muno okalamba ena amenyedwa ndi kuphedwa powaganizira kuti akuphunzitsa ana ufiti, ngakhale kuti lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Choncho m'sukulu yanu musakhale agogo otenga adzukulu usiku pa lichero, ndipo musatchule mudzi weniweni. Zinsinsi za kudambwe ndi za kuchinamwali zisiyireni eni ake; pekani miyambo yanu.

Pomaliza lembani mutu woyamba kudzera m'maso mwa mwana amene wangofika kumene, kuti owerenga aphunzire malamulo pamodzi naye m'malo mowafotokozera masamba atatu. Usiku woyamba usanathe, mwanayo aone wophunzira wamkulu akulipira mtengo wa mphamvu imene wagwiritsa ntchito.